Kukatenga Mawu a Apongozi kwa Mwase

Ndinanyamuka ku Chipata Lachiwiri m'mamawa, mwezi wa Ogasiti chaka cha 1997, nditasenza bokosi la kamera paphewa. Mkazi wanga Tamala ndinamusiya ali chigonere, mlongo wanga atamukhalira pambali. Anali atadwala nthawi yaitali, ndipo a kuchipatala anali atatiuza mwaulemu kuti tizikamusamalira kunyumba. Tonse tinamva chimene amatanthauza.

Amayi ake a Tamala, apongozi anga aNyamtonga, ankakhala kumudzi kwa Mwase, kupitirira boma la Lundazi. Chaka chapitacho anagwa pangolo n'kuthyoka m'chiuno, moti galimoto sakanakwera. Mayi sangabwere, mwana sangapite. Tsiku lina ndikumupukuta kumaso, Tamala anati, "A Tembo, inu mumajambula maukwati a anthu oti simuwadziwa n'komwe. Simungakanditengereko mawu a amama? Nkhope yawo ndikuikumbuka, koma mawu ayamba kundithawa."

Ntchito yanga inalidi imeneyo. Ndinali ndi chikamera cha vidiyo chija chosenza paphewa, chodya tepi yaikulu, ndipo m'Chipata monse munalibe ukwati wa anthu odzimva umene unkachitika popanda ine. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi ntchito yochepa, ndipita ndi kubwera asanandisowe n'komwe.

Pokwerera minibasi ku Kapata, kondakitala anayang'ana bokosi langa n'kunena kuti, "Bosi, ichi chibokosi chizalipila monga munthu."

"Chili ndi matako kuti chikhale pampando?" ndinamufunsa. Anthu anaseka, iye n'kundisiya. Ndinalipira K5,000 yanga yokha, chibokosicho ndinachikhazika pamiyendo, ndipo chinandilanga njira yonse.

Msewu wa ku Lundazi masiku amenewo phula lake linali la apo ndi apo. Dalaivala ankaona kuti bola kuyenda m'mbali, m'fumbi, kusiyana ndi kugwera m'maenje. Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa bwino, wogulitsa salaula, zovala zija za kaunjika, amene anaganiza kuti ndanyamula makina osokera. Nditamuuza zoona zake anakonza duku msangamsanga, n'kukhala mowongoka mpaka tinafika pa Lumezi, ngakhale bokosilo linali lotseka. Pa Lumezi tinatsika kuti tiwongole miyendo. Ndinagula vitumbuwa ndi mbatata yophika, koma sindinazidye. Mayi uja anazilandira ndi manja awiri, ndipo atamva za ulendo wanga anangoti, "Mulungu akutsogoleleni, atate," osafunsanso zambiri. Ndinamukonda chifukwa cha zimenezo.

Tinalowa m'boma la Lundazi dzuwa litapendeka. Kumeneko ndiye kwawo kwa njinga: ina yanyamula mbuzi, ina thumba la nsawa, ina banja lonse. Ndinafikira kwa mnzanga wina mphunzitsi, amene nyumba yake inali ndi magetsi, n'kutchaja mabatire anga awiri. Limodzi linali labwino. Linzake linali lokalamba, lodziwika ndi kufa nthawi imene mkwati akuti apsompsone mkwatibwi.

M'mawa mwake ndinapeza lole yopita kukagula nsawa cha kwa Mwase. Tinakhala pamwamba pa matumba opanda kanthu, mphepo ya Ogasiti ikutimwaza fumbi m'maso ndi m'mano. Ndinavula jekete n'kufunditsa bokosi. Mkulu wina amene anakhala moyang'anana nane anapukusa mutu, n'kundiseka m'Chitumbuka kuti katundu wavala koma mwini wake ali chabe. "Imwe ŵadada, katundu ndiye wavwala jekete, mweneko wali waka?" Ndinamuuza kuti mwini wake akadwala chimfine amachira, koma kamera ikameza fumbi ndiye kuti banja lagona ndi njala. A lole ananditsitsa pa mjigo wina wa pamphambano, ndipo kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi, kudutsa minda yokololedwa ndi zigafa za fodya.

Woyamba kundiona anali mlamu wanga Yudita, mng'ono wake wa Tamala, nayenso mayi wa ana, amene ankasamala apongozi. Anathamanga kudzandilandira bokosi, koma atandiyang'ana kumaso kuseka kwake kunazima. "Alamu, kuli bwanji?" Ndinati akadali moyo. Sindinabise china chilichonse, ndipo ndinalankhula mokweza pang'ono kuti apongozi, amene anakhala pamphasa pakhonde, amve okha, ndisachite kubwereza.

Apa ndiyenera kufotokoza kanthu kena. Chikwatirireni, ine ndi apongozi anga tinali tisanakhalepo moyandikana. Mkamwini, kapena kuti mkweni monga amanenera kumeneko, sayandikira apongozi ake aakazi, sawayang'ana kumaso, salowa m'nyumba mwawo. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Moni wathu unali wakuti ine ndinjute cha kunkhokwe uko, ndiwombe m'manja, iwo ayankhe atayang'ana kumbali, ndipo nkhani zenizeni zizidzera mwa munthu wina. Si chidani ayi. Ndi ulemu, ndipo ine ndinkaunyadira. Kungoti pochoka ku Chipata sindinaganizeko kuti ulemu umenewu udzakhala pakati pa maiki ndi pakamwa.

Yudita atawafotokozera chimene ndadzera, apongozi anaitanitsa duku lawo la ku Chigwirizano cha amayi a mpingo ndi bulauzi yoyera. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango, patali poyenera mkamwini, n'kuwakoka ndi diso la kamera mpaka nkhope yawo inadzaza bwinobwino. Chithunzi chinali chokongola zedi. Milomo yawo inkagwedezeka, ine n'kumati basi ntchito yatheka. Nditabweza tepi n'kuvala mahedifoni kuti ndimve, thukuta linandituluka. Diso la kamera limakoka munthu ali patali, koma khutu lake silikoka. Munali mphepo yokhayokha, bu-bu-bu, nkhanga zikukangana kuseri kwa khola, amayi awiri akuswa nsawa, ndi kupuma kwanga. Apongozi munalibemo.

Yudita anandilanda mahedifoni, n'kumvetsera, kenako anagwira m'mimba ndi kuseka. "Alamu! Mwayenda ulendo wonsewu kudzajambula m'mimba mwanu? Mukulira ngati ng'ona umu!"

"Iwe, pita ukathamangitse nkhanga zakozo," ndinatero. Ndinavula sokosi imodzi n'kuiveka maiki ya pakamera kuti itchinge mphepo. Oswa nsawa tinawapempha kuti apumule. Mudzi unangoti zii, ndipo ndinayesanso.

Zinaipa mwa mtundu wina. Kamera yangayo inalibe pokwezera kapena potsitsira mawu, inkadziweruzira yokha. Pakakhala phokoso inkatseka khutu, pakakhala bata inkalitsegula lonse n'kumakweza chilichonse chimene chili pafupi. Paukwati zimenezi sizivuta, chifukwa aliyense amakuwa. Koma pano chimene chinali pafupi ndi injini yake yomwe, moti m'tepi munadzaza mkokomo wa shiii, ndipo mawu a apongozi ankamveka pansi pake ngati munthu akulankhulira m'nyumba ya eni. Atangoyamba kumvekako pang'ono, tambala analira, kamera n'kutseka khutu, chiganizo chonse n'kupita.

Ndinatulutsa maiki ina ya nthambo, imene ndinkaika patsogolo pa abusa kutchalitchi. Nthambo yake inali yaifupi, yosafika pakhonde. Ndinasendera. Apongozi ataona kuti mkamwini akubwera, anatembenukira kukhoma. Yudita anawapatsa maikiyo, iwo anailandira ndi manja awiri monga mphatso, n'kuiika pamiyendo, n'kuifunditsa ndi nsonga ya chitenje kuti isade. M'makutu mwanga munangomveka nsalu, fwaa, fwaa.

"Auzeni aiyandikize kukamwa," ndinanong'oneza Yudita.

Anaiyandikizadi, mpaka kuigunditsa pamilomo. Liwu loyamba linandiphulikira m'makutu, ndinalumpha n'kuponda nkhuku. Titakonza zimenezo, mawu anayamba kuduka, kubwera, kuduka. Bowo lolowetsamo pulagi ya maiki linali litakula, ndipo ndikangosuntha phewa inkataya mawu. Ndinaipanikiza ndi kamtengo ka machesi, ndinaimanga ndi mphira, koma inkafuna chala cha munthu kuti chiigwire nthawi yonse.

Ndipo ngakhale pamene mawu ankalowa, sanali mawu amene Tamala ananditumira. Apongozi ankalankhula chapansipansi, nkhope ili kukhoma, ngati akupereka lipoti. Kuno tili bwino. Mbuzi yaswa. Nsawa zachita bwino chaka chino. Akanatani, diso la mkamwini lili pa iwo? Ali mkati monena za mbuzi, kanyali kofiira kanayamba kuphethira, ndipo batire labwino lija linatha.

Ndinatsitsa kamera n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ndinakwiya ndi mphepo, ndi nkhanga, ndi amene anapanga kamera yopanda pokwezera mawu. Kenako mkwiyo unatha, n'kutsala mantha okhaokha. Ndinaona ndikulowa m'chipinda ku Chipata, Tamala akutembenuza mutu kuti andione, ine n'kumuseweretsa tepi ya tambala. Ndinalira, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, sokosi kuphazi limodzi.

Patapita kanthawi Yudita anabwera, ulendo uno osaseka. Ananjuta pambali panga. "Amama akufunsa. Akuti kodi makinawo sangaone okha, popanda munthu kumbuyo kwake?"

Ndinayang'ana kamera. Angathe, bwanji osatha? Kamera ingakhale pamtondo, maiki tingaimangirire ku ndodo yawo yoyendera. Koma pulagi ija inkafuna chala changa, ndipo ndinayenera kumamva ngati mawu akulowa, chifukwa batire lokalambalo silikanatipatsa mwayi wachiwiri. Nthambo ya mahedifoni inali yotalika ngati mkono umodzi basi.

"Kawauze kuti makina angaone okha," ndinatero, "koma ine ndiyenera kukhala pomwepo, pafupi ndi mphasa yawo. Ukawauze kuti ndapepesa kwambiri."

Yudita anapita. Ndinamva akunong'onezana nthawi yaitali. Pobwera anati, "Akuti mukhale. Koma mufulatire. Ndipo ine akuti ndichokepo, ndikatunge madzi."

Tinawasunthira kumbali ya nyumba kumene mphepo sinkafika. Tinagadabuza mtondo n'kukhazikapo kamera, ndodo tinaizika pansi, maiki ili yovala sokosi, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa pawo. Zonsezi ankachita ndi Yudita, ine ndikulozera ndili chakumbali. Kenako ndinayenda chobwerera m'mbuyo ngati nkhanu, maso ali kuminda, mpaka chidendene changa chinagunda mtondo. Ndinakhala pansi, ndinapapasa kumbuyo n'kupeza batani, ndinatsina pulagi ndi zala ziwiri, n'kudina.

Poyamba munali shiii yekha. Kenako ndinamva munthu akumeza malovu, n'kupuma mozama.

"Tamala. Wawuka uli, mwana wane?"

Tsitsi linandiyimirira. Zaka zonsezo ndinali ndisanawamvepo bwinobwino mawu a apongozi anga, kupatula kachidutswa kobwera ndi mphepo. Tsopano anali m'kati mwenimweni mwa mutu wanga, onse athunthu, okhuthala, osasa pang'ono, ndipo anali mawu a mkazi wanga, atangokalamba. Ngakhale kakokedwe ka dzina kanali komweko.

Atamufunsa choncho mmene wadzukira, anakhala chete. Kamera inayamba kutsegula khutu, shiii uja n'kumakwera. Ndinkati mwina aiwala zonena, ndipo mtima unali pa batire. Ndinafuna kutsokomola kuti ndiwafulumize, koma ndani amatsokomolera apongozi? Kenako anati, "Eya," ngati munthu amene wayankhidwa, n'kupitiriza. Anachita choncho kangapo konse: kufunsa, kudikira, kuvomera.

Analankhula m'Chitumbuka, ndipo zambiri mwa zimene ananena ndi za iwo awiri, sindizilemba pano. Anamukumbutsa mmene ali kamtsikana ankafukulira nsawa zobzala m'mizere n'kumadya, atate ake n'kumanamizira akhwangwala. Anaseka, ndipo kuseka kwawo kunandigwedeza m'makutu. Anamuuza kuti miyendo ikanalola akanakwawa mpaka ku Chipata. Anamuuza kuti asaope, kuti iwo amamutchula dzina m'mawa uliwonse asanalawe kanthu, ndiponso kuti mwana amene anamubereka pamsana sangasowe njira yopita kwa iye, kaya kuno kaya uko. Anayimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, mawu akunjenjemera. Chala changa chinachita dzanzi pa pulagi, koma sindinachisunthe.

Kenako anatsitsa mawu, ngati kuti potero ine sindimva.

"Tamala, mkweni wangayu ine ndikungomuona msana. Koma msanawu waonda, mafupa akuwerengeka pamalaya. Munthu ameneyu sakudya. Ine sindingamuuze, ndi ulemu. Umuuze ndiwe kuti adye. Wakusunga bwino, ndaona."

Ndinaluma mlomo kuti ndisatulutse liwu, poopa kuti maiki ingalitole. Misozi inkangotsikira m'kolala. Iwo anayamba kupemphera, ndipo ali m'kati mwa pempherolo ndinamva kuti thi, m'makutu mwanga n'kuti zii. Batire linali litafa. Sindinawauze. Ndinakhalabe chifulatire, zala zili pa pulagi, mpaka ndinamva ameni ndi makutu anga enieni.

Ndinagona kwa achibale ena a m'mudzimo, ndipo m'mawa ndinatsanzika monga mwa nthawi zonse, nditanjuta kunkhokwe, iwo atayang'ana kumbali. Yudita anandiperekeza mpaka pamjigo atasenza kathumba ka nsawa ndi nkhuku yomanga miyendo. Tepi sindinaiike m'bokosi. Ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuilowetsa m'malaya. Lole yoyamba inandifikitsa pa boma, ndipo ndinapeza minibasi ya ku Chipata itatsala munthu mmodzi kuti idzaze. Ulendo wobwererawo sindikukumbuka kuti ndinakhala ndi ndani. Pa dzenje lililonse ndinkagwira pachifuwa, ndipo galimoto ikaima kutsitsa munthu ndinkafuna kutsika kuti ndiikankhe.

Nditakhota pa kanjira ka kwathu madzulo, ndinayamba ndaima n'kuyang'ana pabwalo. Panalibe mipando yotulutsidwa panja, panalibe anthu osonkhana. Mwana wathu Dalitso ankasewera mpira wa mapepala ndi anzake. Apo m'pamene ndinapitiriza kuyenda.

Tinanyamula TV ndi deki yoseweretsera tepi kupita nazo kuchipinda. Tamala anali atafooka kuposa mmene ndinamusiyira, ndipo mlongo wanga anandinong'oneza kuti chichokereni ine sanalankhule, phala lomwe akungolawa. Ndinalowetsa tepi n'kuipititsa pa gawo lomaliza. Chithunzi chitatuluka ndinagwira kumutu. Kamera inali itapendekeka pamtondo paja. Munkaoneka chibwano cha apongozi, phewa limodzi, manja awo ali pamiyendo, ndi khoma. Pakona panali khutu langa. M'moyo wanga wonse sindinajambulepo chinthu choipa chotero.

"Pepa, mayi," ndinatero. "Nkhope sinalowe."

Iye anali atatsinzina kale.

"Tamala. Wawuka uli, mwana wane?"

Shiii uja anayamba kukwera. Ndipo m'kati mwake, kuchokera pabedi, ndinamva kamawu kakang'ono, kouma.

"Nawuka makola, amama. Kwali imwe?"

"Eya," anatero apongozi pa TV.

Mlongo wanga anatuluka panja atagwira pakamwa. Ine ndinakhala pansi, m'mbali mwa bedi. Mpata uliwonse umene mayi anasiya, mwana anaudzaza. Anakana zoti ankaba nsawa, anati anali Yudita. Anayimba nawo nyimbo ija ndi milomo yokha. Ine, katswiri wa maukwati, ndinali nditayesa mipata imeneyo kuti ndi zolakwika, ndipo ndikanakhala ndi makina odulira ndikanaidula. Chiyambire tsiku limenelo, ndikamajambula munthu wokalamba ndimayamba ndakhala naye pafupi, ndipo akakhala chete sindizimitsa kamera.

Tamala anakhala nafe mpaka mvula yoyamba, ndipo tepi imeneyo inkalira tsiku ndi tsiku. Koma madzulo oyambawo, itafika pamene pemphero linadukira, anatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapewa mpaka m'manja.

"A Tembo, mwamva zimene anena amama?"

"Ndamva."

"Ndiye mukudikira chiyani? Katengeni mbale. Mudyere pompano, ndizikuonani."

Ndinakatenga, n'kukhala pamene amandiona bwino. Ndinadya zonse.